Nambala Yakwana, Nanga Wodwalayo Ali Bwanji?

Mlungu umodzi uli ndi maola 168, ndipo impso za munthu wathanzi zimagwira ntchito maola onsewo, usana ndi usiku, popanda tchuthi. Pa tsiku limodzi lokha zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, n'kubwezeranso m'thupi pafupifupi onse, kupatula lita imodzi ndi theka kapena malita awiri amene amatuluka ngati mkodzo atasenza zoipa. Tsono impso zikaleka ntchito, wodwala amapita ku makina osefa magazi, amene kuchipatala amawatcha makina a dialysis, ndipo kawirikawiri amakhalapo maola anayi, katatu pa mlungu. Amenewo ndi maola 12. Ngakhale mwana wa Folomu 1 angathe kuona kuti 12 ndi 168 n'zotalikirana zedi. Motero funso limene lasautsa madotolo kwa zaka zoposa makumi asanu ndi ili: kodi iwo angadziwe bwanji kuti maola ochepawo achita ntchito yokwanira?

Yankho limene zipatala za m'maiko ambiri zimatsata ndi nambala imodzi yotchedwa Kt/V, pamodzi ndi lamulo lakuti wodwala wosefedwa magazi katatu pa mlungu asapezeke ndi nambala yochepera 1.2. Nambala imeneyi inapulumutsa anthu, ndipo chipatala chimene sichiiyeza chili ngati woyendetsa lole usiku nyali zitazima. Komatu m'malo ambiri yapatsidwa ulemu woposa msinkhu wake. Anaipanga kuti izichenjeza pamene chithandizo chaperewera moopsa, koma anthu anaisandutsa setifiketi yonena kuti zonse zili bwino. Aphunzitsi amadziwa kusiyana kwa zinthu ziwirizi, pakuti amakumana nako chaka ndi chaka: mwana wokhoza mayeso ndi mwana wodziwa phunzirolo sakhala munthu mmodzi nthawi zonse.

Kagwiridwe ntchito ka makinawo n'kosavuta kumva. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi kolumikizidwa ku mtsempha wa pamkono kapena wa m'khosi, n'kulowa m'sefa yokhala ndi timachubu zikwizikwi tochepa ngati tsitsi. Kunja kwa timachubuto kumayenda madzi oyera osakanizidwa ndi michere yoyenera, ndipo zoipa za m'magazi zimadutsa m'timabowo tosaoneka ndi maso, kuchoka kumene zachuluka kupita kumene zachepa. Magazi akatero amabwerera m'thupi. Dotolo wa ku Netherlands, Willem Kolff, anayamba kuyesa makina ake pa odwala m'chaka cha 1943 m'tauni ya Kampen, nkhondo yachiwiri ili m'kati, ndipo wodwala wake woyamba kupulumuka anali mayi wa zaka 67, m'chaka cha 1945. Mu 1960 Belding Scribner wa ku Seattle, m'dziko la America, anapeza njira yolumikizira wodwala ku makina mobwerezabwereza popanda kuononga mitsempha, ndipo kuyambira pamenepo munthu wopanda impso zogwira ntchito anatha kukhala ndi moyo zaka zambiri.

M'zaka zoyambazo madotolo ankaweruza ndi maso. Wodwala akayamba kumva dzanzi m'mapazi, kusanza, kapena kukana chakudya, ankamuwonjezera maola, ndipo ambiri ankagona pa makina usiku wonse. Zinthu zinasintha pamene boma la America linakhazikitsa lamulo mu 1972 lakuti lidzilipirira chithandizochi pafupifupi aliyense wochifuna. Odwala anachuluka, ndalama zinayamba kutuluka zambiri, ndipo wolipirayo anafuna kudziwa mlingo weniweni wa chimene anali kugula. Apa mpamene panabadwira kafukufuku wotchedwa National Cooperative Dialysis Study, amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1981.

Ofufuzawo anasankha kuyang'ana chinthu chimodzi cha m'magazi chotchedwa urea. Dzinali si lachilendo kwa mlimi aliyense, pakuti ndi urea yemweyo wa m'thumba la feteleza wobereketsa chimanga. M'thupi amapangidwa ndi chiwindi kuchokera ku zakudya zomanga thupi monga nyama, nsomba, mazira ndi nyemba. Payekha urea sali poizoni woopsa kwambiri. Anamusankha chifukwa ngochuluka, ngosavuta kuyeza, ndipo amafalikira m'madzi onse a m'thupi, kotero kuti anamuyesa woimirira zoipa zina zambirimbiri zimene impso zimachotsa. Zili ngati woyendera sukulu amene wafunsa mafunso mwana mmodzi kuti adziwe za kalasi yonse. Tsoka lake n'lakuti mwana amene anasankhidwayo ndiye wochenjera kuposa anzake: mwa zoipa zonse za m'magazi, urea ali m'gulu la zosavuta kwambiri kuchotsa.

Odwala 151 anagawidwa m'magulu anayi. Ena ankasefedwa magazi pafupifupi maola anayi ndi theka, ena pafupifupi maola atatu. Ena ankasungidwa ndi urea wochepa m'magazi, ena ndi urea wochuluka pafupifupi kawiri. Za urea zinaoneka poyera: a urea wochuluka ankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri, ndipo ambiri anachotsedwa m'kafukufukuyo kaamba ka kudwala. Za nthawi ndizo zinabweretsa nkhani yaitali. A maola ochepa nawonso anaoneka kuti ankagonekedwa kwambiri, koma akatswiri a ziwerengero ali ndi mwambo wakuti kusiyana kwa magulu kumavomerezedwa pokhapokha mpata woti kwangochitika mwangozi usapitirire 5 pa 100. Apa unali pafupifupi 6 pa 100. Nthawi inalephera mayeso ndi malikisi amodzi okha, pa gulu la anthu ochepa chotere, ndipo ambiri anamva ngati kuti kafukufukuyo wanena kuti kutalika kwa nthawi kulibe kanthu. Iye sananene zimenezo, koma ndi mmene anamvekera.

Panalinso msampha wina. Urea wochepa m'magazi angatanthauze kuti makina agwira ntchito bwino, koma angatanthauzenso kuti wodwalayo sakudya. Munthu wofooka amene waleka ndiwo amaoneka woyera magazi pa pepala pamene thupi lake likutha. Pofuna kuthawa msampha umenewu, Frank Gotch ndi John Sargent anabwerezanso masamu a kafukufuku uja, ndipo mu 1985 anatulutsa njira yoyezera ntchito ya makina payokha. Imeneyo ndiyo Kt/V. Iwo anaona kuti odwala amene nambala yawo inali 0.8 kapena kucheperapo ndiwo ankavutika kwambiri.

Masamu ake ngokhoza wophunzira aliyense wa ku sekondale. K ndi kuchuluka kwa magazi amene sefa ikuwachotsera urea pa mphindi imodzi. T ndi mphindi zimene wodwala wakhala pa makina. V ndi madzi onse a m'thupi lake, amene mwa mwamuna wamkulu amapitirira pang'ono theka la kulemera kwake. Mwamuna wa makilogalamu 70 angakhale ndi madzi okwana malita 40. Ngati sefa ikuyeretsa mamililita 250 pa mphindi, ndipo iye wakhalapo mphindi 240, ndiye kuti payeretsedwa mamililita 60,000, amene ndi malita 60. Kugawa 60 ndi 40 kumapereka 1.5. Koma akachoka patangopita maola atatu, mwina pothamangira basi yomaliza, malita oyeretsedwa ndi 45, ndipo nambala imatsika kufika pa 1.1, pansi pa mlingo.

Wowerenga watcheru afunsa kuti zitheka bwanji kuyeretsa malita 60 m'thupi la malita 40, koma urea osatha. Aganize za mtsuko wa madzi amatope. Munthu akutunga chikho chimodzi, kusefa, n'kubwezera madziwo mumtsuko momwemo. Chikho choyamba chimachotsa matope ambiri. Cha makumi asanu chimachotsa ochepa, pakuti chikutunga madzi amene ena mwa iwo anasefedwa kale. Akatunga zikho zokwana mtsuko wonse kamodzi, matope 37 pa 100 amakhala akadalimo. Akatunga zokwana mtsuko ndi theka, amatsala 22 pa 100. Ola loyamba pa makina limachotsa urea wambiri, lomaliza wochepa. Mfundo imeneyi ikumbukiridwe, chifukwa ndiyo imafotokoza chifukwa chake ulendo umodzi wautali sungalowe m'malo mwa maulendo awiri.

Kuchipatala sachita kuwerenga K ndi V payekhapayekha. Amatenga magazi wodwala asanalowe pa makina ndiponso pochoka, kamodzi pa mwezi, n'kugwiritsa ntchito masamu amene John Daugirdas wa ku Chicago anawakonza mu 1993. Palinso njira yachidule yongoona gawo la urea limene lachoka: ngati polowa anali 30 ndipo pochoka ali 9, achoka 21 mwa 30, ndiye kuti 70 pa 100. Malangizo amene bungwe la National Kidney Foundation linatulutsa mu 1997 anaika malire pa Kt/V ya 1.2, kapena urea wochoka 65 pa 100. Malangizo a pambuyo pake anawonjeza kuti dotolo azifuna 1.4 kuti tsiku loipa asagwe pansi pa 1.2.

Ubwino wa muyeso umenewu suyenera kuchepetsedwa. M'zaka za m'ma 1980 zipatala zambiri za ku America zinafupikitsa nthawi. Kuyambira 1983 boma linkalipira mtengo umodzi pa ulendo uliwonse, wautali kapena waufupi, ndipo aliyense angaone kuti maulendo aafupi amalola makina amodzi kulandira anthu ambiri pa tsiku. Pofika kumapeto kwa zaka zimenezo odwala oposa 20 pa 100 alionse ankamwalira chaka chilichonse, chiwerengero choposa cha ku Ulaya ndi cha ku Japan, mpaka mu 1989 madotolo anachita msonkhano ku Dallas wokambirana za imfa zimenezi. Atayamba kuyeza, zinapezeka kuti odwala ambiri sankalandira ngakhale mlingo wochepa uja. Kafukufuku wa 1993 pa odwala oposa 13,000 anaonetsa kuti amene urea wawo ankachoka wosakwana 60 pa 100 ankamwalira kwambiri kuposa anzawo. Nambala inaulula chimene maso sankaona, ndipo zipatala zinakakamizika kukonza. Mpaka lero, nambala ikatsika mwadzidzidzi imachenjeza namwino kuti mtsempha wolumikizira ukutsekeka, kuti magazi akuundana m'sefa, kapena kuti wodwala akumachoka nthawi isanakwane.

Koma vuto lili m'masamu momwemo. K ndi t zimachulukitsidwa, choncho wokweza K angathe kudula t nambala osasintha. Sefa yaikulu ndi pampu yothamanga kwa maola atatu zimapereka nambala yofanana ndi ya sefa yaing'ono kwa maola asanu ndi limodzi. Pa pepala anthu awiriwo alandira zofanana. M'thupi sizili choncho.

Umboni wochititsa chidwi unachokera ku Tassin, tauni yaing'ono pafupi ndi Lyon ku France. Pamene ena ankafupikitsa, madotolo a kumeneko anakakamira maola asanu ndi atatu, katatu pa mlungu, namaletsa odwala awo mchere wambiri. Mu 1992 Bernard Charra ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 445: patapita zaka 5 anali moyo 87 pa 100, patapita zaka 10 anali 75 pa 100, ndipo patapita zaka 20 anali 43 pa 100. Pafupifupi onse analeka kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Otsutsa ananena, ndipo ananena zoona, kuti odwala a ku Tassin m'zaka zimenezo anali ocheperapo msinkhu ndiponso a matenda a shuga anali ochepa, ndiye kuwayerekeza ndi a ku America kunali kukondera. Chomwechonso palibe kafukufuku wamkulu wogawa odwala mwamaere amene watsimikiza kotheratu kuti maola ambiri amatalikitsa moyo. Komabe madotolo a ku Tassin eni ake sanaloze urea monga chinsinsi chawo. Analoza madzi ndi kuthamanga kwa magazi.

Chotsatira chinali kuyesa ngati kukweza nambala kungawonjeze moyo. Kafukufuku wotchedwa HEMO, amene anafalitsidwa mu 2002, anagawa odwala 1,846 mwamaere: ena analandira Kt/V ya pafupifupi 1.3, ena ya pafupifupi 1.7. Patapita zaka, imfa m'magulu awiriwo sizinasiyane kwenikweni. Ena anakondwera poti mlingo wakale watsimikizika. Koma tanthauzo lake lenileni n'lozizira kuposa pamenepo: munthu akadutsa malire aja, nambalayi ilibenso chonena za moyo wake. Lero ku America odwala oposa 95 pa 100 amafika pa 1.2, ndipo kuyambira 2012 boma limadula malipiro a zipatala zolephera miyeso yake, mpaka 2 pa 100. Kalasi yonse yakhoza. Koma mwa anthu oyamba chithandizochi m'dzikolo, amene amakhala moyo zaka zisanu sakwana theka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yaikulu ndi madzi. Munthu amene sakodza amasunga m'thupi tiyi yense, phala lonse ndi msuzi wonse umene wamwa, ndipo pofika tsiku la makina amakhala atalemera ndi makilogalamu awiri kapena atatu. Madziwo amatupitsa miyendo, amakweza kuthamanga kwa magazi, amakulitsa mtima, ndipo akafika m'mapapo munthu amabanika ngati womira. Makina ayenera kuwachotsa, koma liwiro lake lili ndi malire. Kuchotsa malita atatu mwa munthu wa makilogalamu 60 m'maola atatu ndi mamililita pafupifupi 17 pa kilogalamu iliyonse pa ola. M'maola asanu ndi mamililita 10. Ofufuza amene anabwereranso ku zolembedwa za HEMO mu 2011 anapeza kuti opitirira 13 ankamwalira kwambiri, makamaka ndi matenda a mtima. Kukoka madzi mofulumira kumagwetsa kuthamanga kwa magazi, minofu imakokana, wodwala amachita chizungulire, ndipo mtima umaperewera magazi kwa kanthawi, katatu pa mlungu, chaka ndi chaka. Matenda a mtima ndi mitsempha ndiwo amapha ambiri mwa odwala amenewa, ndipo pa zonsezi Kt/V ili chete.

Ili chetenso pa masiku a pakati. Wopita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu amakhala masiku awiri athunthu kumapeto kwa mlungu osasefedwa. Kafukufuku wa odwala oposa 32,000, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti imfa ndi kugonekedwa m'chipatala zimachuluka pa tsiku lotsatira mpata wautaliwo. Madzi amakhala ataunjikana, pamodzi ndi mchere wa potassium, wopezeka kwambiri mu nthochi, mbatata, mapeyala ndi tomato, umene ukachuluka umaimitsa mtima mosachenjeza. Palinso phosphate, amene amatuluka m'maselo pang'onopang'ono kotero kuti pampu yothamanga simuthandiza. Akatsalira amayabwitsa khungu, amafoola mafupa ndi kuumitsa mitsempha. Ndipo pali zoipa zina zazikulupo kuposa urea zimene sefa wamba imavutika nazo. Mu 2023 kafukufuku wa ku Ulaya wotchedwa CONVINCE, wa odwala 1,360, anaonetsa kuti njira yochotsa bwino zoipa zazikuluzi inachepetsa imfa kuchoka pa 22 kufika pa 17 pa 100, ngakhale kuti magulu onse awiri anali kale pamwamba pa mlingo wa urea.

Chodabwitsa china chili pa V. Popeza V ili pansi pa mzere wogawira, munthu wamng'ono thupi amapeza nambala yabwino mosavuta. Mayi wa madzi okwana malita 25 amafika pa 1.4 m'maola atatu ngakhale sefa ikuyeretsa mamililita 200 okha pa mphindi, ndipo wina angaganize kuti basi wakwanira, achoke. Komatu chiwindi chake ndi ziwalo zina zopanga zoipa sizichepa molingana ndi minofu yake. Choipitsitsa n'chakuti wodwala amene akuonda chifukwa chosadya, V yake imatsika ndipo nambala yake imakwera. Akamayandikira kumanda malikisi ake amakhala akukoma. Kafukufuku wa 1993 uja anapeza kuti kuchepa kwa albumin m'magazi, chimene kawirikawiri chimasonyeza kusadya bwino kapena kudwala kwa m'kati, kumalosera imfa mwamphamvu kuposa muyeso wa urea.

Nanga kayezedwe kake? Magazi a pochoka akatengedwa pampu ikuthamangabe, angasakanikirane ndi magazi amene angotuluka kumene m'sefa, ndipo urea amaoneka wochepa monama. N'chifukwa chake lamulo likuti pampu ichepetsedwe kufika pa mamililita 100 pa mphindi kwa masekondi 15 magazi asanatengedwe. Ngakhale zitatero, m'mphindi 30 mpaka 60 zotsatira urea amakweranso m'magazi potuluka m'minofu mmene anabisala, kotero kuti nambala yoona imachepera ndi pafupifupi 0.2 poyerekeza ndi yolembedwa. Kuwonjeza apo, muyeso umatengedwa ulendo umodzi mwa maulendo 13 a pa mwezi. Mphunzitsi aliyense amadziwa mmene sukulu imaonekera pa tsiku la woyendera: bwalo losesedwa, makope ochongedwa, ana onse m'kalasi. Pa tsiku lotenga magazi palibe amene amachotsedwa msanga pa makina. Za ulendo umene wodwala anajomba chifukwa chosowa ndalama ya basi, kapena umene unadulidwa poti magetsi anazima, nambalayo sidziwa.

Mu 2015 akatswiri awiri anatsutsana poyera m'magazini ya madotolo a impso. Raymond Vanholder wa ku Ghent ndi anzake anati nthawi ya Kt/V ikutha; John Daugirdas anati ikadali yothandiza. Polingalira bwino, wachiwiriyu ndiye ali pafupi ndi choonadi pa nkhani yoitaya, pakuti kutaya muyeso popanda wina wolowa m'malo ndiko kubwerera ku zaka za m'ma 1980, pamene chithandizo chinkadulidwa popanda wodziwa. Koma woyambayo akunena zoona pa nkhani ya ulemu umene nambalayi yapatsidwa. Mawu akuti "chithandizo chokwanira" ndi aakulu, ndipo kuwapachika pa kuchoka kwa urea yekha n'kunamiza wodwala ndi abale ake.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamene gulu la ofufuza la maiko ambiri lotchedwa SONG linafunsa odwala, abale awo ndi madotolo zinthu zofunika kuziyeza m'kafukufuku aliyense wa chithandizochi, zinayi zinasankhidwa: imfa, matenda a mtima, ubwino wa mtsempha wolumikizira, ndi kutopa. Kutopa ndiko odwala anakuika patsogolo, pamene madotolo sankakuwerengera kwambiri. Pali funso limodzi losalira ndalama limene namwino angafunse: kodi mumatenga nthawi yotalika bwanji kuti mphamvu zibwerere mukachoka pa makina? Pa kafukufuku wa maiko angapo wofalitsidwa mu 2014, mmodzi mwa odwala khumi alionse anayankha kuti maola oposa 12, ndipo anthu a yankho lotere ndiwo ankamwalira kwambiri. Munthu wotero, ngakhale nambala yake ikhale 1.6, wataya masiku atatu a mlungu uliwonse ali chigonere. Ngati ndi mphunzitsi, ntchito yatha. Ngati ndi mlimi, munda wamera thengo.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi Malawi, pakuti makina otere alipo pa zipatala monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. M'maiko ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara makina ngochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo kusefa magazi kawiri pa mlungu n'kofala. Kafukufuku wophatikiza malipoti a m'chigawochi, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti ambiri mwa oyamba chithandizochi amachisiya n'kumwalira, kawirikawiri chifukwa cha ndalama. Dotolo wa m'chigawo chotere ali ndi masamu owawa: maulendo asanu ndi limodzi pa mlungu angapatsidwe kwa anthu awiri katatukatatu, kapena kwa anthu atatu kawirikawiri. Wosankha anthu atatu sayenera kudzudzulidwa, pakuti wachitatuyo akanabwezedwa kwawo kukafa. Choyenera kudzudzulidwa ndi kubwereka mlingo wa 1.2 n'kuupachika pa wodwala wa kawiri pa mlungu, ngati kuti wakhoza.

Mlingo umenewo unapangidwira maulendo atatu. Wobwera Lolemba ndi Lachinayi amalandira maola 8 mwa 168, ndipo amadikira masiku atatu, kenaka anayi. Mtsuko uja ukuonetsa kuti kuwonjeza liwiro pa ulendo umodzi kumachotsa zochepa chabe pamwamba pa zochotsedwa kale, choncho nambala ya 1.5 kawiri pa mlungu silingana ndi 1.2 katatu. Pali muyeso wina wowerengera mlungu wonse, umene malangizo a 2015 anati usachepere 2.1, ndipo munthu amene impso zake zinaleka kotheratu sangafikepo ndi maulendo awiri a maola anayi. Zimenezi zilembedwe momwemo m'kaundula wa wodwala, ndipo iye auzidwe, kuti adziwe chifukwa chake mchere, madzi ndi nthochi zili zoopsa kwa iye kuposa kwa mnzake wa maulendo atatu. Zilembedwenso kuti ogawa chuma cha boma aone kukula kwenikweni kwa kuperewerako, m'malo molandira lipoti lodzaza ndi manambala okhoza.

Pali odwala ena amene maulendo awiri amawakwanira ndithu, ndipo kuwazindikira sikulira makina atsopano. Ambiri oyamba kumene chithandizochi amakhala akukodzabe, ndipo kantchito kochepa kamene impso zawo zikugwirabe n'kamtengo wapatali, chifukwa kamachitika maola onse 168, kamachotsa madzi ndi potassium, ndiponso zoipa zazikulu zija zovuta sefa. Malangizo a 2006 anati maulendo awiri ngosayenera kwa munthu amene impso zake zikuyeretsa urea wosakwana mamililita 2 pa mphindi; wopitirira pamenepo angathe kuyamba ndi awiri. Kuti zimenezi zidziwike, wodwala amapatsidwa chigubu choyera kuti asungiremo mkodzo wonse wa pakati pa maulendo awiri, ndipo umayezedwa kuchuluka kwake ndi urea wake. Muyesowu uyenera kubwerezedwa miyezi itatu iliyonse, pakuti mphamvu yotsalayo imanka nichepa, ndipo amene anali wa maulendo awiri mu Januwale angakhale wofunika ulendo wachitatu pofika Julayi.